Nthochi za M'chitini cha Penti

1. Tauni ya fumbi lofiira

Aliyense amene anakulira mu Lilongwe chaka cha 1974 amakumbukira fumbi. Linali fumbi lofiira, lolowa m'tsitsi, m'mano, ngakhale pakati pa masamba a mabuku. Likulu la dziko linali kusamuka kuchoka ku Zomba. Kumene kale kunali tchire ndi minda ya chimanga, akatapila ankagwetsa mitengo tsiku lonse, ndipo anthu anayamba kukutcha ku City Centre nyumba zake zisanathe n'komwe.

M'mawa malole odzaza amisiri ankawoloka mlatho wa mtsinje wa Lilongwe, anthu akuimba pamwamba. Madzulo ankabwerera atayera mbuu ndi simenti. Malole ena ankafika kuchokera ku Zomba atanyamula mipando, mabedi ndi nkhuku m'madengu. Ana ankawathamangira akukuwa.

Komabe tauni yakale inali idakali yaing'ono. Ukayenda kuchoka kumsika kupita ku positi, unkapereka moni mpaka kukhosi kuuma. Njinga zinali zambiri kuposa magalimoto. Telala aliyense wa pakhonde la sitolo ankadziwa kuti mwana uyu ndi wa uje, ndipo ukachita mwano mumsewu, mbiri inkakafika kwanu iwe usanafike.

Enifa anali mtsikana wa Sitandade 8. Ankakhala ku Area 3, kuseri kwa nyumba yaikulu ya a Lawford, mkulu wina wa m'boma amene anali atangofika kumene kuchokera ku Zomba. Bambo ake a Enifa, a Zikhale, ndiwo ankasamalira maluwa ndi kapinga pamenepo.

Nyumba ya antchito inagawidwa pakati. Mbali ina kunkakhala banja la a Zikhale. Mbali inayo kunkakhala mayi Anastazia, amene ankaphika m'nyumba yaikulu, pamodzi ndi ana awo aakazi: Lonely, wa kalasi limodzi ndi Enifa, ndi kamng'ono kake Alesi, kamene kanali katangoyamba kuyenda.

Enifa ndi Lonely anali pa ubwenzi wa ponda apa nane ndipondepo. Ankagawana chinangwa, pensulo ndi sopo. Mvula ikawapeza panjira, ankafunda chitenje chimodzi. Chinthu chimodzi chokha chinkamuwawa Lonely: mayeso akatuluka, dzina lake nthawi zonse linkakhala pansi pa dzina la Enifa.

2. Funso la Lachisanu

Mphunzitsi wawo wa sayansi anali a Nasoni, bambo wamfupi wokwera njinga yakuda yolira ngati nkhanga. Lachisanu lililonse, ikakwana nthawi yomaliza, ankatseka buku n'kukhala pamphepete pa tebulo.

"Lero buku lipume," ankatero. "Ndani wabwera ndi funso?"

Mafunso ankabwera a mtundu uliwonse. N'chifukwa chiyani simenti imatentha akaithira madzi? Bwanji ching'aning'ani timachiona tisanamve bingu? Nanga anthu amene anakaponda pamwezi aja ankapuma chiyani? A Nasoni sankaseka funso la mwana. Chimene sankachidziwa ankanena poyera kuti, "Ichi sindichidziwa, ndikafufuze."

Lachisanu limenelo Enifa anakweza dzanja.

"Aphunzitsi, amayi anga akavundika nthochi mumtsuko amaikamo peyala lakupsa. Akatero nthochizo zimapsa msanga. Kodi peyalalo limazichita chiyani?"

A Nasoni anaomba m'manja kamodzi chifukwa cha chisangalalo.

"Funso ndi limeneli! Tamverani, ana inu. Chipatso chimakhala chamoyo ngakhale chitathyoledwa mumtengo. Chimapuma. Chikayamba kupsa chimatulutsa mpweya wina umene sitiuona ndi maso, ndipo mpweyawo umadzutsa zinzake kuti nazonso zipse. Panja mpweyawo umauluka ndi mphepo. Koma mumtsuko umasonkhana, n'chifukwa chake nthochi zimafulumira."

Atatero anatuma anyamata kukadula mikoko ya nthochi zosapsa m'munda wa sukulu, n'kugawira aliyense zingapo.

"Kaziyeseni kwanu. Amene zake zidzapse bwino, iye n'kutha kufotokoza chimene wachita, ndiye adzaime pamaso pa makolo tsiku lotsekera sukulu. Koma mumve ichi. Yesani ndi zinthu zimene mukuzidziwa. Chimene simuchidziwa, musachigwire musanafunse wamkulu. Wasayansi weniweni amakhala ndi chidwi, komanso amakhala ndi zala zake zonse."

Ana anaseka. Enifa atafika kwawo anabwereka mtsuko wa mayi ake, naikamo nthochi zake ndi peyala lakupsa, navindikira ndi mbale.

3. Mwala wolira

Lolemba madzulo Lonely anakodola Enifa n'kupita naye kuseri kwa mpanda wa maluwa. Anatulutsa kansanza komanga mfundo. M'katimo munali timiyala totuwa ngati phulusa.

"Miyala?" anafunsa Enifa.

"Dikira uone."

Lonely anaika kamwala kamodzi pansi n'kukalavulira malovu. Nthawi yomweyo kanayamba kulira kuti tswiii, kakuchita thovu. Panatuluka fungo loipa ngati adyo wowola. Enifa anakakhudza ndi chala.

"Kakutentha! Mwala ungatenthe bwanji popanda moto?"

"Dzina lake ndi kabaidi," anatero Lonely monyada. "Andipatsa achimwene a Lexon dzulo. Paja amagwira ntchito ndi owotcherera zitsulo ku City Centre. Akuti mpweya wa miyala imeneyi ndi umene amayatsira moto wowotcherera. Akutinso umapsetsa nthochi msanga kuposa peyala lakolo. Ulendo uno ndine ndikaime pamaso pa makolo."

Enifa anatola kamwala kena n'kukatembenuza m'dzanja. Maso ake anali kuwala.

"Tikawaonetse a Nasoni."

"Iyayi! Miyalayi anaitenga kuntchito osapempha. Zikamveka awachotsa. Lumbira kuti suuza munthu."

Enifa anazengereza pang'ono. Kenako ananyambita chala n'kuloza kumwamba.

"Ndalumbira."

4. Mawu a a Zikhale

Dzuwa litapendeka, a Zikhale anakhala pansi pa mtengo wa mango akunola chikwanje. Enifa anawabweretsera madzi akumwa. Atangolandira kapu, anakwinya mphuno.

"Bweretsa manja ako kuno."

Anawanunkhiza, ndipo nkhope yawo inasintha. Anaika chikwanje pansi.

"Kabaidi wamugwira kuti?"

"Ndinangomuona kwa munthu wina, abambo."

"Sindikufunsa dzina lake. Khala pansi apa."

Enifa anakhala pamuzu wa mango.

"Mwana wanga, fungo limeneli ndingalizindikire ngakhale ndili m'tulo. Ndili mnyamata, iwe usanabadwe, ndinagwira ntchito m'migodi ku Halale. Nyali zathu zinali za kabaidi. Pansi pa nyali unkaika miyala, pamwamba madzi, ndipo madziwo ankadontha pang'onopang'ono. Mpweya unkatulukira pa kabowo kakang'ono, n'kumayaka moto woyera bwino ngati nyenyezi. Nyali zimenezo ndinkazikonda. Mpaka lero ndikatsinzina ndimaona mzere wa timoto tikutsika m'dzenje, anzanga akuimba nyimbo za kwathu.

"Koma mwala umenewu uli ndi malamulo ake. Sautsekera, ndipo sauyandikiza ku moto. Ukangolawa madzi umatulutsa mpweya osaleka, ndipo mpweyawo ukasowa potulukira umadzipangira wokha khomo. Ukakumana ndi khala la moto, umayaka wonse nthawi imodzi.

"Ndinali ndi mnzanga dzina lake Edwell, wa kwathu konkuno ku Nathenje. Anali munthu wanthabwala, wodziwa kuvina. Tsiku lina anafuna kuseketsa anthu pakomponi pamene antchito tinkagona. Anaika miyala m'botolo, nathira madzi, natseka. Botolo linachedwa kuphulika, iye n'kuwerama kuti aone chavuta n'chiyani. Edwell anabwerera kumudzi ndi diso limodzi. Amene ankamuombera m'manja tsiku limenelo palibe anamuperekeza.

"Za nthochi nazonso ndinaziona. Amalonda ena ankapsetsera kabaidi. Khungu limachita chikasu, inde, koma m'kati zimakhala zosakoma, ndipo ena ankadandaula m'mimba. Chinthu chokakamiza kupsa chimanyenga maso okha.

"Chomaliza ndi ichi. Ndaona kuti pakamwa pako pamangidwa. Kusunga chinsinsi cha mnzako ndi ulemu, ndipo sindikuletsa. Koma chinsinsi chimene chingachotse munthu diso si chosunga. Mnzako akakwiya nawe, mawa mukhoza kugwirizananso. Akavulala, ulibe chomubwezera. Wamva?"

"Ndamva, abambo."

"Kasambe m'manja ndi sopo."

5. Chivindikiro

M'mawa mwake, ali panjira yopita kusukulu, Enifa anamufotokozera Lonely zonse, ngakhale za Edwell. Lonely anangopotoza pakamwa.

"Ndiye wawauza?"

"Sindinatchule dzina lako. Koma miyala ija uitaye, Lonely."

"Nsanje basi. Ukuopa kuti ndikuposa."

Tsiku lonse sanayankhulane. Poweruka, Lonely anatsogola yekha.

Enifa atafika kunyumba anayamba wavundukula mtsuko wake. Nthochi zinali zidakali zobiriwira, chikasu chikungoyamba kumene kunsonga. Ali chiweramire, anamva kugogoda: kho! kho! kho! Phokosolo linkachokera m'kakhitchini kamene mabanja awiriwa ankaphikiramo.

Anathamangira komweko. Anapeza Lonely atagwada, akukhomerera ndi mwala chivindikiro cha chitini chachikulu cha penti. Pafupi ndi chitinicho panali mbaula yoyaka, nyemba zikubwata, pakuti mayi ake a Enifa anazisiya pamoto popita kumsika. Alesi anali atakhala pachiguduli pomwepo, akusewera ndi chipande.

"Lonely, waikamo chiyani?"

"Nthochi zanga, miyala yonse ija, ndi kapu ya madzi. Ndatseka kuti mpweya usathawe, monga ananenera a Nasoni. Pano pofunda zipsa msanga."

"A Nasoni ankanena za peyala! Tsegula msanga!"

"Usandilamule."

Chitini chinalira kuti thi! Kenako thi! Chivindikiro chimene chinali chophwatalala chinayamba kutukumuka pakati. Fungo la adyo wowola linadzaza kakhitchini.

Enifa ananyamula Alesi n'kumukoloweka m'chiuno. Ndi dzanja linalo anakoka Lonely.

"Tuluka! Ndikukaitana abambo."

Lonely anamugwira diresi pakhomo.

"Unalumbira, Enifa! Ukangoitana, ine ndi iwe zatha. Sindidzakuyankhulanso mpaka kufa!"

Enifa anamuyang'ana mnzakeyo kumaso. Chitini chinaliranso. Anadzimasula mwamphamvu mpaka diresi linang'ambika, nathamangira pabwalo akukuwa ndi mawu ake onse.

"Abambo! Abambo! Kabaidi m'khitchini! Wamutsekera m'chitini pafupi ndi mbaula!"

A Zikhale anali kuthirira maluwa kumaso kwa nyumba yaikulu. Anataya payipi madzi akutuluka, nathamanga ngati mnyamata.

"Chokaniko nonse! Patali!"

Koma Lonely, poona kuti akubwera, anatembenuka kubwerera m'khitchini kuti akabise chitini chija. Phazi lake linali litaponda kale pakhomo pamene a Zikhale anamugwira m'chiuno. Anamugwetsera pambali pa khoma, iwo n'kumuphimba ndi thupi lawo.

Phuuu!

Chivindikiro chinamenya malata. Moto waukulu unatuluka pakhomo ngati lilime, n'kuzima nthawi yomweyo. Galasi la zenera linamwazika pabwalo. Agalu a m'nyumba zonse za mumsewu umenewo anayamba kuuwa, ndipo mbalame zinabalalika m'mitengo.

6. Madzi a pampopi

Utsi utachepa, kunamveka kulira kwa Alesi yekha. Analibe bala. Lonely anadzuka, fumbi lili thupi lonse, koma nayenso anali wosavulala.

M'khitchini chiguduli chimene Alesi anakhalapo chija chinali kuyaka. Mphika wa nyemba unali utagubuduka. Nthochi za Lonely zinali zitamatirira kukhoma, zakuda bii.

Mayi Anastazia anatuluka m'nyumba yaikulu akuthamanga, manja ali ndi ufa wa buledi. Ataona chiguduli chija, anakhala pansi. Alonda ndi antchito a m'nyumba zoyandikana anabwera ndi zidebe n'kuzima moto wotsalawo.

Apo m'pamene Enifa anaona mkono wa bambo ake. Malaya anali atapsa, ndipo khungu kuyambira pachigongono kutsika linali litayamba matuza.

"Bweretsani mafuta ophikira timupake!" anatero mlonda wina.

"Iyayi, dzira laliwisi ndiye mankhwala," anatero mnzake.

"Pepani akuluakulu," anatero Enifa. "Kusukulu anatiphunzitsa kuti pabala la moto timathira madzi ozizira okhaokha, nthawi yaitali. Mafuta amatsekera kutentha m'kati."

"Mverani mwanayo," anatero a Zikhale.

Enifa anabereka Alesi kumbuyo, natsogolera bambo ake kumpopi. Anagwira mkonowo pansi pa madzi. A Zikhale analuma mano, kenako anapumira m'mwamba.

"Kukuwa kuja ndinakumva bwino," anatero motsitsa mawu. "Mkono umapola, mwana wanga. Lero pakhomo pano pakanagwa maliro."

Misozi ya Enifa inagwera m'madzi momwemo. Anatembenuka kufuna Lonely. Anamuona ataima yekha pafupi ndi mpanda, akuyang'ana pansi.

7. Funso la a Lawford

Anthu asanabalalike, galimoto ya a Lawford inalowa pageti. Anatsika atavala suti yawo ya kuntchito, nayenda pang'onopang'ono mpaka pakakhitchini. Anayang'ana zenera losweka, malata opindika ndi khoma lakuda. Kenako anayang'ana mkono wa a Zikhale.

"A Zikhale, mukwere galimoto tipite kuchipatala."

"Zikomo, bwana."

"Koma tisanapite ndimve chinthu chimodzi. Nyumba ino ndi ya boma, ndipo ine ndikayankha mafunso chifukwa cha zimenezi. Moto ukanagwira mpanda, ukanafika kunyumba yaikulu. Sindingasunge pakhomo panga banja limene ana ake amasewera ndi zophulika. Chaphulikachi n'chiyani?"

"Ndi kabaidi, bwana," anatero mlonda uja. "Wa owotcherera zitsulo."

"Wabwera naye ndani pano?"

Mayi Anastazia anayang'ana mwana wawo. Iwo analibe mwamuna, analibe munda pafupi, ndipo ntchito ya m'nyumba yaikuluyo ndiyo inkadyetsa ana awo. Lonely ankadziwa zimenezo. Ankadziwanso chimene chikanawachitikira achimwene ake a Lexon dzina lawo likanatchulidwa.

"Ndafunsa funso," anatero a Lawford. "Iwe Lonely, wadetsedwa ndi fumbi thupi lonse. Unali pomwepo. Wabwera naye ndani?"

Lonely anakweza dzanja pang'onopang'ono osadzutsa mutu, naloza kumpopi.

"Ndi Enifa. Ndiye amakonda zoyesayesa za sayansi."

Anthu anang'ung'udza. Wina anati, "N'zoona, mwana ameneyu sakhala osafunsa mafunso." A Zikhale anatsegula pakamwa, koma a Lawford anakweza dzanja.

"Ayi, a Zikhale. Mwanayo ali ndi pakamwa pake." Anatembenukira kwa Enifa. "Iwe mtsikana, bwera kuno. N'zoona zimene akunena mnzakozi?"

Madzi anali akutulukabe pampopi, koma palibe anakumbuka kutseka. Enifa anamasula chitenje, natsitsa Alesi kumbuyo, nakamupereka m'manja mwa mayi Anastazia. Kamwanako kanakakamira diresi lake long'ambika, ndipo anachita kukamasula zala.

Kenako anayenda pakati pa anthuwo mpaka pamaso pa a Lawford, nagwada pakapinga. Anayang'ana mkono wa bambo ake. Anayang'ana Lonely, amene tsopano anali kulira mosatulutsa mawu.

"Bwana," anatero Enifa, "ndiyankha, ndipo ndinena zoona. Koma ndikupempha kuti anthu onsewa ayambe achoka, kuti mnzanga asachititsidwe manyazi pagulu."